Batani Limene Miyoba Anaiwala Kutseka

Pali mphatso zina zimene munthu amalandira ndi manja awiri, osati chifukwa cha ulemu wokha, koma chifukwa n'zolemera. Anyamata a ku Kabwe akafuna kusangalatsa mtsikana amagula nsapato, mafuta onunkhira, kapena foni ngati zinthu zawayendera. Kondwelani Daka, mwana wa msilikali wa ndende ku Mukobeko, anagulira Miyoba giripi. Kwa inu amene simuidziwa, giripi ndi kabokosi kakuda komangirira kunsi kwa kamera. M'kati mwake mumalowa mabatire awiri m'malo mwa limodzi, ndipo m'mbali mwake muli batani lachiwiri lojambulira. Anzake a Miyoba ku Makandanyama ataiona anaseka mpaka misozi, ati mwamuna wopatsa mkazi njerwa ndiye womanga nyumba ameneyo.

Miyoba sanaseke nawo kwambiri, chifukwa ankadziwa kumene mphatsoyo inachokera. Tsiku loyamba limene amayi ake a Kondwelani anamuona kunali ku ukwati wina ku Ngungu, iye ali pa ntchito yake yojambula zithunzi. Wojambula akafuna chithunzi choimirira amatembenuza kamera, dzanja lamanja n'kukwera pamwamba pa mutu, chigongono kuloza kudenga. Mayi Daka anayang'ana chigongonocho, n'kuyang'ana mwana wawo, ndipo mawu amene ananena anamupeza Miyoba dzuwa lisanalowe: mtsikana woonetsa kukhwapa pamaso pa akuluakulu sadzaponda pakhomo pawo. Kondwelani sanawatsutse. Kutsutsa sanabadwe nako mnyamata ameneyu. Iye anangopita kukafunafuna chinthu chotsitsa chigongono cha bwenzi lake, ndipo anachipeza. Ndi giripi, munthu amatembenuza kamera n'kudina batani la m'mbali manja ali m'nthiti, ngati mtsikana wolangidwa bwino.

Ubwino wake unalipo, tisaname. Masiku amenewo magetsi ankangosuzumira n'kuthawa, moti ojambula ena mabatire ankawathera mkwatibwi asanadule keke, pamene Miyoba ankajambulabe mpaka wovina womaliza atakhala pansi. Kamera inkaonekanso yaikulu, ndipo amuna amene kale ankamufunsa kuti mwini wake ali kuti anasiya kufunsa. Koma madzulo alionse mkono unkamuwawa kuyambira pamfundo ya dzanja mpaka paphewa, lamba ankamudula khosi, ndipo m'chikwama chake chakale kamera sinkalowanso. Wogulitsa giripiyo anachenjezanso za chinthu chimodzi: batani la m'mbali lili ndi kaloko kake, ukamaliza uzitseka, apo ayi kamera imajambula yokha ikangogunda pantchafu.

Ngakhale zinali choncho, Miyoba sankaichotsa. Ankamukonda Kondwelani ndi mtima wake wonse, ndipo ankakhulupirira kuti akapirira kulemerako, tsiku lina Mayi Daka adzamutcha mpongozi. Vuto linali lakuti dzina limenelo mayiwo anali atasungira wina. Thelma anali namwino, mwana wa anansi awo akale, kwawo ku Petauke komwe kunachokera a Daka, ndipo ankadziwa kugwada paliponse pamene pali maso a anthu.

* * *

M'nyumba ya a Daka munali munthu mmodzi yekha wa mbali ya Miyoba, ndipo anali mwini nyumba. A Lawrence Daka anali atangopuma pa ntchito yolondera akaidi. Masana ena, akazi awo atapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, anatuma Kondwelani kuti akaitane mtsikana wa kamera uja. Ankafuna chithunzi chopanda yunifolomu. Zithunzi zawo zonse zinali za chipewa chofika m'maso ndi nkhope yoopsezera akaidi, ngakhale cha tsiku la ubatizo wa mwana wawo.

Tsikulo ku Makandanyama magetsi anali atagona kwina, ndipo mabatire onse awiri anali atafa. Miyoba anawasolola, n'kulowetsa m'giripi kathireyi kake kena kolandira timabatire wamba, n'kugula timabatireto pa kantemba akupita kokwera minibasi. Popanda giripi chithunzi chimenecho sichikanajambulidwa, ndipo nkhani ino ikanayenda njira ina.

Atafika anawakhazika a Daka pakhonde, pamene kuwala kunali kofewa. A Daka anavala shati yoyera ndi magalasi awo, koma nkhope inakana kumasuka. Anakhala chiwongokere ngati akudikira mkulu wa ndende. Kenaka anapempha kuti aigwireko kamerayo. Anaikweza, n'kuibweza msanga.

"Iwe mama, unyamula siku yonse ichi chinthu?" anafunsa. "Chilema kupambana mfuti ya ku nchito."

"Ninajaila, atate," anayankha Miyoba. "Ni ba Kondwelani banagula."

"Niziba. Niziba na chifukwa chake." A Daka anayang'ana mwana wawo, amene anaima pakhomo akukanda m'mutu. "Uyu mwana wanga, m'malo mokamba na amake, ayenda kugula chisulo. Manje amake akakamba ati uli mutali maningi, azagula sowo akudule mendo?"

Miyoba anaseka. A Daka anaseka nawo, mutu n'kupendekeka pang'ono, maso kuchepa kuseri kwa magalasi, ndipo chala cha Miyoba chinadina batani la m'mbali chisanauzidwe. Anatumiza chithunzicho ku foni yake kuti mkuluyo achione pa galasi lalikulupo. A Daka anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndiye ine," anatero motsitsa mawu. "Amake Kondwelani akhala na chisote zaka zonse izi, uyu mudala anamuiwala. Mvela, usamuonese. Uichape bwino, uike mu fulemu, tizamupasa tonse babili. Pamene apo ndiye nizakamba nkhani yanu. Mukazi wanga ni wouma mutu, koma sanganikanile nikaseka so."

Miyoba anabwerera kwawo tsikulo mkono ukuwawa ngati masiku onse, koma sanaumve.

* * *

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka lotsatira Miyoba anali ku Ngungu pa phwando lolangiza mkwatibwi, amayi akuvina ng'oma zili pakati, iye ataikonza kamera kuti izijambula zithunzi zambiri motsatizana akangodina kamodzi. Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Kondwelani, ndipo mawu ake anali ngati a munthu wina.

"Miyoba, atate atisiya."

A Daka anagwa pakhonde m'mawa, akupukuta nsapato za ku ntchito zimene sankafunikanso kupukuta. Pofika nawo kuchipatala anali atapita kale.

Miyoba sanakumbuke kutsanzika bwino. Anabwereka chitenje kwa mayi wina, n'kuthamangira minibasi ya ku Mukobeko atavala juzi yake yachikasu, imene anavalanso tsiku lojambula a Daka, chifukwa inali nyengo yozizira ndipo analibe ina yofunda. Kamera analibe poisiya, m'chikwama sinkalowa, choncho anaikoleka m'khosi n'kuiphimba ndi mpango. Chivindikiro cha diso la kamera chinatsala patebulo ku Ngungu. Za kaloko ka batani sanaganize n'komwe. M'njira monse ankalira chamumtima, kulirira munthu amene anamutcha mama, komanso, bodza n'loipa, kudzilirira yekha, chifukwa mkhalapakati wake anali atapita nkhani asanaikambe.

Panyumba ya maliro amuna anali panja mozungulira chitsa chamoto. Amayi anali m'nyumba, mipando itatulutsidwa, atakhala pansi miyendo chitambalale akuimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa. Pakati panali mbaula. Mayi Daka anali pa matilesi kukhoma, mutu utamangidwa nsalu yakuda, ndipo pambali pawo, atawagwira dzanja, panali Thelma. Anali atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati kuti anazisita kale n'kumadikira.

Miyoba anavula nsapato pakhomo n'kuyenda ndi mawondo kudutsa pakati pa amayiwo. Anachita zonse mwa mwambo, mutu pansi, zigongono m'nthiti. Atafika pa matilesi anawerama kuti apereke dzanja. Kamera inaterereka pansi pa mpango, n'kugwera pakati pa mimba ndi bondo, diso lake kuloza m'mwamba, ndipo bondolo linakanikiza batani la m'mbali.

Tcha-tcha-tcha-tcha-tcha-tcha!

Nyimbo inadukira pakati. Miyoba anadzuka pang'ono kuti aichotse, ndipo inaliranso kawiri.

"Ah-ah!" Thelma anakuwa. "Akopa mapikicha! Amama alila, eve akopa mapikicha!"

"Iyayi, ni ngozi," anatero Miyoba. "Ni batani, sininakhome..."

Thelma anali ataikoka kale kamerayo, lamba n'kudutsa pamutu pa Miyoba n'kugwetsa mpango. Juzi yachikasu inawala m'chipinda chonse. Thelma anadina apa ndi apo mpaka galasi la kumbuyo linayaka, ndipo tsoka silinunkha: kamera inali itagwira ntchito yake bwino lomwe. Chithunzi chinali chopendekeka, koma nkhope ya Mayi Daka inaoneka yonse, maso otupa, kukamwa kuli yasa, misozi itafika pachibwano. Thelma anaitembenuzira kwa amayi a kumanja, kenaka a kumanzere.

"Onani. Mailo kukacha Kabwe yonse izatamba nkhope ya amama pa mafoni."

Mayi Daka anayang'ana nkhope yawoyo, kenaka Miyoba. Mawu awo anali atasasa ndi kulira. "Mwamuna wanga akalibe na kuzizila, iwe wabwela na nchito yako. Wavala monga uyenda ku phwando. Ninakulakwila chani, mwana wa bene? Itanani Kondwelani."

Kondwelani anabwera n'kuima pakhomo, maso ofiira. Miyoba atamuona mtima unakhala pansi pang'ono. Pa anthu onse a m'nyumbamo, iyeyo yekha ndiye ankalidziwa batani lija. Wogula anali iyeyo, chenjezo la wogulitsa analimva ndi makutu ake. Akanangonena kuti chitsulocho ndinagula ndine, chimachita choncho chikagundidwa, nkhani ikanatha. Kondwelani anayang'ana amayi ake, n'kuyang'ana amayi onse a m'chipindamo, kenaka pansi.

"Miyoba," anatero, "fufuta chabe."

"Kufufuta ni boza," anatero Thelma. "Vimabwela futi ivi, niziba ine." Anatsegula kachitseko ka m'mbali, n'kusolola kakhadi kosungira zithunzi, n'kukaika m'dzanja la Mayi Daka mwaulemu wonse, dzanja lina litagwira pamkono.

"Amama, napapata!" Miyoba analira. "Muli atate umo!"

Amayi ena anali atayambanso kulira, ndipo mawuwo anamira m'phokosomo. Ngati Mayi Daka anawamva, nkhope yawo sinaonetse. Anatambasula dzanja n'kuponya kakhadiko pa mbaula. Kanapindika, n'kutulutsa utsi wonunkha pulasitiki, ndipo mayi wina anakupiza ndi nsonga ya chitenje. Momwemo munapsera zithunzi za mkwatibwi wa ku Ngungu, ndi zonse za a Daka za pakhonde paja.

Miyoba anatola kamera yake n'kubwerera chambuyo ndi mawondo. Pakhomo anadutsa pafupi ndi Kondwelani moti mpango wake unamukhudza mwendo. Mnyamatayo anasuntha ngati amutsatire, koma amalume ake, a Philimon, anamugwira paphewa, ndipo iye anagwirika.

* * *

Madzulo amenewo Miyoba analembera Kondwelani uthenga. "Uziba kuti sininachite dala." Foni inaonetsa kuti wawerenga. Analembanso, "Kamba chabe kantu." Anawerenganso, osayankha.

Anakhala pabedi n'kumasula giripi koyamba chiigulireni. Kagudumu kake kanali katalimba, ndipo kanamutupitsa chala. Itachoka, kamera inapepuka m'manja mwake ngati chidole, ndipo kupepukako ndi kumene kunamuliza kuposa zonse za tsikulo.

M'mawa mwake, akusesa pakhomo, anaona Kondwelani akubwera m'kanjira ka pakati pa nyumba, zovala zadzulo zikununkha utsi wa pamaliro. Anamupatsa mpando. Mnyamatayo sanakhale.

"Sininagone," anatero.

"Na ine. Chifukwa chani sunakambe, Kondwelani? Uiziba ija batani."

"Pa malilo ya atate, nikangane na amama pamenso pa bantu? Unafuna nichite bwanji?"

"Sininakambe ati ukangane. Ninafuna chabe ukambe zoona."

Kondwelani anapukuta nkhope ndi chikhatho. Apa Miyoba anazindikira kuti sanabwere kudzapepesa. Anabwera ndi pempho.

"Amama alila pikicha," anatero. "Tasakila nyumba yonse, zonse ni za yunifolomu. Akamba ati safuna kushika m'manda kapitao wa jele, afuna kushika mwamuna wao. Ija ya pa khonde, unatuma ku foni, si so?"

"Ilimo."

"Nipaseko. Napapata."

"Nizapeleka neka. Atate banakamba ati tibapase tonse babili."

"Awe, Miyoba." Apa Kondwelani anayang'ana kumbali. "Akaziba ati ni iwe, azaishoka pa mbaula futi. Safunika kuziba. Tizakamba ati ni Thelma anakopa na foni yake."

Tsache linagwa m'manja mwa Miyoba. Anamuyang'ana bwinobwino munthu amene ankati adzakhala bambo wa ana ake.

"Ni nzelu ya Thelma iyo?"

"Ni yanga. Ni ya manje manje chabe. Malilo yakasila, mitima ikazizila, nizabauza vonse."

"Monga mwamene unabauzila mailo pa malilo paja?" Mawu a Miyoba sanakwere. "Amai bako banakamba pa kwanja kwanga, unagula chisulo kuti nisise kwanja. Nanyamula, kwanja kubaba, sininadandaule. Lelo ufuna nisise na zina yanga. Mailo uzafuna nisise chani?"

"Si vanga ivi, Miyoba. Ni va atate."

Pamenepo ndi pamene anamugonjetsa, ndipo onse awiri anadziwa. Miyoba akanatha kukana. Chithunzi chinali chake, ndipo chinali umboni wokhawo wakuti a Daka anamuitana pakhomo pawo n'kumusekera. Akachipereka m'dzina la Thelma, ndiye kuti wamuyalira yekha mnzakeyo mphasa. Koma akachimana, a Daka atsikira m'manda ndi nkhope ya chipewa imene iwo eni ankadana nayo, ndipo mayi wofedwa atsala ndi kapitawo pakhoma. Miyoba anawakonda mkuluyo. Pa zimenezo analibe chonamizira.

"Sinizakutumila pa foni," anatero pomaliza. "Muzachapa voipa, muzabafipisa nkhope. Nizachapa neka. Ubwele utenge mumazulo."

Kondwelani anatambasula dzanja kuti amugwire. Miyoba anawerama n'kutola tsache.

* * *

Anachitsukitsa chachikulu, pa pepala labwino, m'tauni kumene kunali jenereta. Chitatuluka m'makina anachiika patebulo, ndipo a Daka anamusekera ngati tsiku lija. Apa ndi pamene anaona chinthu chimene pa foni sichinkaoneka. M'galasi la kumanzere la magalasi a mkuluyo munali kachithunzi kakang'ono ngati njere ya chimanga: mtsikana wa juzi yachikasu, zigongono m'nthiti, nkhope itabisika kuseri kwa kamera yaikulu ya makona anayi. Foni sioneka choncho. Mu Kabwe monse, mtsikana wonyamula njerwa yotero anali mmodzi.

Akanatha kukafufuta pa kompyuta n'kutsukitsanso, ntchito ya kanthawi kochepa. Anakhala akukayang'ana. Kenaka anaika chithunzicho m'fulemu, n'kutembenuza, n'kumatula kapepala ka dzina lake kamene anali atamata kumbuyo mwachizolowezi. Dzina anachotsa monga analonjezera, koma ka m'magalasi kaja anakasiya. Mumtima mwake ankati Mayi Daka ndi munthu, anangopsa mtima ndi chisoni, ndipo akadzaona ndi maso awo kuti amuna awo ankasekera ndani, adzafewa.

* * *

Tsiku loika maliro kunali mphepo yonyamula fumbi. Miyoba anapita atavala zakuda, wopanda kamera, n'kuima kumbuyo pakati pa anthu osamudziwa. M'chikwama chake munali giripi yokha, ataikulunga m'kansalu. Ankafuna kuibweza kwa mwini wake, ngakhale sankadziwa ngati adzalimba mtima.

Bokosi litatsitsidwa m'galimoto, kutsogolo kwake kunayenda Thelma atanyamula fulemu pachifuwa, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. Anthu ankasuzumira n'kugwedeza mitu. Asilikali a ndende amene anagwira ntchito ndi a Daka zaka zambiri ankanong'onezana kuti sankadziwa kuti mkuluyo anali ndi mano onse.

"Uja namwino ali na kwanja," anatero mayi wina pafupi ndi Miyoba. "Na foni chabe, mwandi! Aba bamakamela batidyela chabe."

Miyoba anavomera ndi mutu.

Mapemphero anatha, bokosi linatsika, anyamata anakwirira ndi mafosholo mpaka mtumbira unakwera. Achibale anaika nkhata. Kenaka a Philimon anatenga fulemu kwa Thelma n'kuipereka kwa mlongo wawo, amene anali atakhala pa mpando pafupi ndi manda, Kondwelani ataima kumbuyo kwawo. Chibwerere chithunzicho Mayi Daka anali asanachigwire pa kuwala kwa dzuwa. Anachiika pamiyendo, n'kupukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, kuyambira pa shati, kukwera pachibwano. Milomo yawo inkayenda ngati akulankhula nawo amuna awo. Nsaluyo itafika pa magalasi, dzanja linaima.

Anachikweza pafupi ndi maso. Anachipendeketsa kuti dzuwa lisathwanime. Kondwelani, amene ankayang'ana kudzera paphewa pawo, anaona chimene iwo anaona, ndipo nkhope yake inasintha.

Mayi Daka anadzutsa mutu n'kuyamba kufunafuna m'khamulo, mzere ndi mzere, osafulumira. Miyoba sanabisale. Maso awo atamupeza anakhala pa iye. Mtsikanayo anadziwa kuti mayiwo amvetsa zonse: mawu aja a pa mbaula, juzi ija, ndi munthu amene amuna awo ankamusekera. Mapazi ake anali atayamba kale kusuntha kuti akagwade.

Mayi Daka anatsitsa maso. Anaika chala chachikulu pa galasi la kumanzere la amuna awo, n'kukanikiza, n'kutembenukira kwa Thelma chala chili pomwepo.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero mokweza, kuti ndi a kumbuyo omwe amve. "Gwila atate ako. Gwila bwino, mpongozi wanga."

Kunamveka kung'ung'udza kovomereza pakati pa amayi. Thelma anagwada n'kulandira ndi manja awiri.

Kufikira nthawi imeneyo Miyoba ankaganiza kuti akudedwa chifukwa cha chigongono, chifukwa cha juzi, chifukwa cha batani losatseka, zinthu zimene munthu angakonze kapena kupepesa. Tsopano anaona kuti panalibe chokonza. Mayiwo anadziwa zoona, n'kusankha. Chisoni chimene chinamugwira chinali chozizira, chopanda ngakhale misozi. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda pakati pa mitumbira kulowera kumsewu.

"Miyoba!"

Anali mawu a Kondwelani, ndipo sanali onong'ona. Anthu anatembenuka. Miyoba anamva mapazi akuthamanga pa dothi louma kumbuyo kwake, mapazi a munthu amene sanatsutsepo amayi ake chibadwire, ndipo anaima osayang'ana m'mbuyo.

"Kondwelani." Mayi Daka sanakuwe, koma kumanda konse kunali zii, ndipo aliyense anamva. "Dothi ya atate ako ikalibe kuuma. Ukafika kuli uyo mukazi, uuze aba anyamata asabweze mafosholo. Akumbe na yanga pambali apa."

Mapazi aja anaima. Sanali pafupi ndi Miyoba, sanalinso pafupi ndi mpando wa amayi ake. Mphepo inakupiza maliboni a nkhata pa mtumbira watsopano, ndipo anyamata a mafosholo anayang'anana, osadziwa ngati awaike m'galimoto. Miyoba anaima chomwecho, nsana kwa anthu onse, lamba wa chikwama akumudula paphewa, akumvetsera kuti phazi lotsatira liponda kuloza kuti.